ZIMBABWE: Nyama ya ziweto ndi tizilombo tosamva mankhwala

MUTARE – Chigwa cha Burma Valley, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Mutare m'chigawo cha Manicaland, chimadziwika ndi ulimi wa nthochi. Chili m'munsi mwa mapiri a Vumba, m'malire ndi chigawo cha Manica cha dziko la Mozambique, ndipo m'makomboni a m'mafamu ake muli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito, mwakuti Chichewa chimamveka kumeneko pamodzi ndi Chishona.

Anthu a m'chigwachi anaona kale zomwe zimachitika mankhwala akasiya kugwira ntchito. Cha m'ma 2014 akatswiri a kafukufuku anapeza kuti udzudzu wofalitsa malungo wa mtundu wa Anopheles funestus, ku Burma Valley ndi m'boma loyandikana nalo la Mutasa, sunkafanso ndi mankhwala omwe ankapoperedwa m'nyumba, ndipo boma linakakamizika kuyamba kupopera ena okwera mtengo. Vuto longa lomwelo lili pa tizilombo tina tomwe sitiuluka ngati udzudzu koma timabwera ndi ndiwo: mabakiteriya okhala m'matumbo a nkhuku, nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe, omwe amapaka nyama chiweto chikamaphedwa, ndipo ena mwa iwo sakumvanso mankhwala a kuchipatala.

Tizilombo take

Mabakiteriya atatu ndi amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya nyama: Salmonella, Campylobacter ndi Escherichia coli, yemwe ambiri amangoti E. coli. Onsewa kwawo ndi m'matumbo. Nkhuku itha kukhala nawo miyandamiyanda iyo ili gwa, ikudya ndi kunenepa bwino, kotero maso a mlimi kapena a wogula sangathandize kusiyanitsa nkhuku yomwe ili nawo ndi yomwe ilibe. Nyama yomwe ili nawo sinunkha ndipo sisintha mtundu.

Munthu akawameza amayamba kutsekula m'mimba, nthawi zina kwa magazi, kusanza, kupotokola kwa m'mimba ndi kutentha thupi. Salmonella amaonekera pakapita maola ochepa mpaka masiku atatu, pamene Campylobacter amachedwerapo, masiku awiri mpaka asanu. Ambiri amachira okha pakutha pa sabata ngati akumwa madzi okwanira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha zakudya zomwe zili ndi tizilombo kapena poizoni, ndipo 420,000 amamwalira. Chigawo cha Africa ndi chomwe chinali ndi mtolo wolemera koposa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake: odwala oposa 91 miliyoni ndi imfa 137,000 pachaka.

Ngozi imakula tizilomboti tikachoka m'matumbo n'kulowa m'magazi. Apo wodwala sangachire popanda mankhwala opha mabakiteriya, maantibayotiki, ndipo funso limakhala lakuti kodi mankhwala omwe ali m'chipatala chapafupi adzatipha kapena ayi.

Mmene timalowera mu nyama

Mnofu wa chiweto chathanzi ulibe mabakiteriya m'kati mwake. Amaufikira pa nthawi yosenda ndi yotumbula. Chikopa cha ng'ombe chimakhala ndi ndowe zouma, ndipo mpeni womwe wacheka chikopacho ukapitiriza kucheka mnofu usanatsukidwe, umasamutsa zonse zomwe wanyamula. Thumbo kapena chifu chikabooka, zam'kati zimakhuthukira pa nyama. Kumidzi ndi m'makomboni mbuzi imasendedwa itapachikidwa mumtengo, zomwe ndi zabwinoko, koma ng'ombe imasendedwera pansi, chikopa chake chomwecho chikugwira ntchito ya mphasa, ndipo magawo a nyama amayalidwa pa masamba. Madzi amakhala a m'ndowa imodzi: omwewo otsukira matumbo, omwewo osambira m'manja, omwewo otsukulutsira mpeni.

Pa nkhuku zinthu zimafulumira kuposa apa. Wogulitsa yemwe wazinga nkhuku 30 m'mawa umodzi amaziviika m'madzi otentha amodzimodzi kuti azisosole, ndipo madziwo akamazirala amasanduka msuzi wa zitosi. Kenaka zonse zimatsukidwa m'beseni limodzi. Nkhuku imodzi yokhala ndi Salmonella ndi yokwanira kupatsira zinzake zonse.

Otsatira ndi ulendo ndi kutentha. Burma Valley ndi malo otsika ndi otentha, ndipo m'nyengo yotere mabakiteriya ena amatha kuwirikiza chiwerengero chawo pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Nyama yomwe yayenda pa njinga, yakhala pa benchi tsiku lonse ntchentche zikuitera, kapena yagona m'furiji yomwe magetsi ake anazima usiku, imafika panyumba ili ndi tizilombo tochuluka kwambiri kuposa mmene inachokera kophera. Chipika chodulirapo nyama m'butchala, chomwe chimakhala ndi ming'alu ya nkhwangwa, ndi nkhokwe ina imene anthu saiganizira.

Dziko la Zimbabwe linali ndi dongosolo lolimba la malo ophera ng'ombe. Kampani ya boma ya Cold Storage Commission, yomwe inakhazikitsidwa mu 1937, inali ndi malo akuluakulu ophera ng'ombe m'mizinda monga Bulawayo, Chinhoyi, Marondera ndi Masvingo, ndipo dzikoli linkaloledwa kugulitsa matani 9,100 a nyama ku mayiko a ku Ulaya chaka chilichonse. Msika umenewu unatsekeka mu 2001 kutabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Kuchokera pamenepo ntchito yambiri inapita m'manja mwa makampani ndi anthu wamba. Malamulo oyeza nyama alipo, ndipo ng'ombe siiyenera kusamutsidwa popanda chilolezo cha a zaziweto ndi cha apolisi, koma nkhuku zambiri, mbuzi ndi nkhumba za alimi ang'onoang'ono zimaphedwa kuseri kwa nyumba, kumene woyeza safikako. Ngakhale kumene amafika, woyezayo amaona ndi maso zotupa, nyongolotsi ndi zizindikiro za chifuwa chachikulu. Salmonella amadutsa m'manja mwake osaoneka.

Kumene kusamva mankhwala kumayambira

Maantibayotiki akaperekedwa kwa chiweto amapha mabakiteriya ofooka n'kusiya ochepa omwe ali ndi chibadwa chodzitetezera. Otsalawo amapeza malo ndi chakudya chonse chili chawo, ndipo amaswana. Mankhwala akamaperekedwa pafupipafupi, pa mlingo wochepa kapena kwa masiku osakwana, kusankhaku kumabwerezedwabwerezedwa mpaka khola lonse litadzaza ndi mtundu wosamva. Choonjezera n'chakuti mabakiteriya amabwerekana majini odzitetezerawa kudzera m'tizidutswa ta chibadwa totchedwa plasmid, ngakhale pakati pa mitundu yosiyana. E. coli wosavulaza wa m'matumbo a nkhuku atha kupatsira Salmonella luso lokana mankhwala, ndipo kupatsiranaku kutha kuchitikira m'matumbo a munthu yemwe wadya nyamayo.

Mankhwala a ziweto ndi a anthu ndi a mabanja amodzimodzi. Oxytetracycline, yemwe alimi amabaya ng'ombe ndi kusungunulira nkhuku m'madzi, ndi m'bale wa doxycycline. Enrofloxacin wa nkhuku ndi m'bale wa ciprofloxacin, ndipo thupi la chiweto limasandutsa gawo lina la enrofloxacin kukhala ciprofloxacin weniweniyo. Mankhwala a sulfa ndi trimethoprim ndi omwewo amene ali mu bakitirimu, yemwe anthu ambiri okhala ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anayerekeza kuti pa maantibayotiki 100 alionse ogulitsidwa padziko lapansi, 73 amapita kwa ziweto.

Kudzudzula mlimi pa zimenezi n'kosavuta, koma sikulongosola chilichonse. Mayi woweta nkhuku zoyera 100 waika ndalama zake zonse mwa anapiye ndi chakudya chawo, ndipo ayenera kuzigulitsa pakatha masabata asanu ndi limodzi. Anapiye atatu akafa usiku umodzi, sadikira mlangizi yemwe mwina alibe ndi njinga yomwe. Amathamangira kusitolo ya zipangizo za ulimi n'kugula paketi ya ufa. Nthawi zambiri chomwe chikupha nkhukuzo ndi chitopa kapena gumboro, matenda a mavairasi omwe maantibayotiki sawakhudza n'komwe, ndipo chomwe chikanathandiza ndi katemera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 pakati pa alimi ang'onoang'ono a nkhuku ndi nkhumba mumzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira anapeza kuti alimiwo ankadalira maantibayotiki ogulidwa popanda kalata ya dokotala, ena mwa iwo osakanizidwa ndi colistin, mankhwala omwe m'zipatala amasungidwa kuti akhale chida chomaliza ena onse akakanika.

Oweta ng'ombe ku Zimbabwe anali ndi chifukwa chawochawo. Kusambitsa ng'ombe kudibi kutasokonekera chifukwa cha kusowa kwa mankhwala, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa otchedwa theileriosis, omwe kumeneko amangoti January disease chifukwa amakula m'nyengo ya mvula, anapha ng'ombe zoposa 500,000 pakati pa 2018 ndi 2022, malinga ndi boma la dzikolo. Kachilombo koyambitsa matendawa si bakiteriya, ndipo mankhwala ake enieni ndi okwera mtengo, kotero alimi ambiri ankabaya oxytetracycline yemwe akanamutha. Ng'ombe ikaoneka kuti sichira, mwini wake ankaigulitsa mwamsangamsanga kwa a mabutchala pa mtengo wolira kuti apulumutseko kenakake. Nyama ya ng'ombe yotere imafika pamsika masiku oti mankhwala achoke m'thupi asanakwane.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. China ndi zotsalira za mankhwala mu nyama, mkaka ndi mazira, ndipo chimapewedwa posunga masiku olembedwa pa botolo kapena pa paketi chiweto chisanaphedwe. China ndi mabakiteriya osamva mankhwala, omwe amakhalabe m'matumbo a chiweto ndi m'khola ngakhale masiku amenewo atadutsa. Moto umapha mabakiteriya, koma sudalirika pa zotsalira za mankhwala.

Umboni wa ku Zimbabwe

Umboni womveka kwambiri m'dzikoli ndi wa mtundu wina wa Salmonella wotchedwa Kentucky ST198. Mtundu umenewu unayamba kukana ciprofloxacin kumpoto kwa Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo akatswiri a ku Institut Pasteur ku Paris anauchenjeza mu 2011 ataupeza mwa anthu obwerera ku Ulaya kuchokera kumeneko. Anaona kuti nkhuku ndi zomwe zimaufalitsa kwambiri.

Mu 2023 akatswiri a labotale yaikulu ya boma ya National Microbiology Reference Laboratory ku Harare, mogwirizana ndi a Quadram Institute ya ku Norwich m'dziko la Britain, anafalitsa zotsatira za kuunika chibadwa chonse cha tizilombo 37 ta Salmonella Kentucky totengedwa mwa odwala ndi m'mafamu a nkhuku a ku Zimbabwe pakati pa 2017 ndi 2020. Mwa timeneti, 36 tinali ta ST198. Tonseto tinali ndi kusintha kwa chibadwa kokanitsa ciprofloxacin, ndipo 92 peresenti tinali ndi jini ina yowononga mankhwala a gulu la ceftriaxone. Ta mwa anthu ndi ta mwa nkhuku tinali tofanana kwambiri moti ofufuzawo anati zikugwirizana ndi ganizo lakuti nkhuku ndi gwero lalikulu la matendawa mwa anthu.

Kulemera kwa nkhaniyi kuli pa mayina awiri a mankhwalawo. Ciprofloxacin ndi wakumwa, ceftriaxone ndi wa jakisoni, ndipo awiriwa ndi amene zipatala za m'maboma m'chigawo chino cha Africa zimadalira munthu akabwera ndi Salmonella wa m'magazi. Akalephera onse, otsala ndi mankhwala ochepa, ena okwera mtengo, omwe sapezeka m'chipatala chaching'ono cha pafamu kapena cha kumudzi.

Ku Zambia, kafukufuku wa pa yunivesite ya Zambia wofalitsidwa mu 2016 anapeza E. coli wotha kuwononga mankhwala a gulu lomweli mu nkhuku imodzi mwa zisanu zilizonse zoyezedwa pa nthawi yopita kumsika mumzinda wa Lusaka.

Phunziro la ku Blantyre

Kuti munthu aone chomwe chimachitika Salmonella akasiya kumva mankhwala, ayang'ane ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe eni ake amati ku Gulupu, kumene magazi a odwala akhala akuyezedwa mosalekeza kuyambira 1998 mothandizana ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome. Pakati pa 1998 ndi 2004 chipatalachi chinapeza Salmonella m'magazi a odwala pafupifupi 5,000. Chiwerengero chinakwera kwambiri cha m'ma 2002, pamene mtundu wa Typhimurium, umene pambuyo pake unatchedwa ST313, unayamba kukana ampicillin, bakitirimu ndi chloramphenicol nthawi imodzi. Okhudzidwa kwambiri anali akuluakulu okhala ndi HIV ndi ana aang'ono odwala malungo, osowa magazi kapena onyentchera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala anayi kapena asanu alionse ankamwalira. Pa chipatala chomwechi, E. coli wa m'magazi wokana mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 0.7 peresenti mu 2003 kufika pa 30.3 peresenti mu 2016.

Komabe nkhani ya ku Blantyre imachenjezanso kuti tisaunjike mlandu wonse pa nyama. Ofufuza atatsatira odwala ST313 kumakomo kwawo, anapeza tizilombo tofanana ndi ta odwalawo mwa anthu anzawo a m'nyumba, osati mwa ziweto. Zikuoneka kuti mtundu umenewu umayenda kwambiri pakati pa anthu okhaokha. Kafukufuku wina wa m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, wofalitsidwa mu 2023, anapeza mabakiteriya okana mankhwala a gulu la ceftriaxone m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 42 mwa 100 alionse, m'ndowe ndi zitosi za ziweto pafupifupi 30 mwa 100, ndiponso m'madzi a m'mitsinje okwana magawo awiri mwa atatu a omwe anayezedwa. Nyama ndi njira imodzi. Madzi, ngalande ndi zimbudzi ndi njira zina, ndipo zimalumikizana. Zitosi za nkhuku zomwa mankhwala zimathiridwa m'dimba, mvula imazikokolera mumtsinje, ndipo madzi a mumtsinjewo ndi amene amatsukira nyama ya mawa. Kwa dera longa Burma Valley, kumene malungo ndi ochuluka ndipo mabanja a m'makomboni amakhala mothithikana, anthu omwe ali pa chiopsezo ndi a mtundu womwewo umene unadzaza mawodi a ku Gulupu.

Malamulo ndi malire

Mayiko ena anachitapo kanthu kale. Sweden inaletsa kupatsa ziweto maantibayotiki ongofulumizitsa kukula mu 1986, ndipo mayiko onse a European Union anatero kuyambira pa 1 Januwale 2006. Kuno kum'mwera kwa Africa, Namibia inaletsa mchitidwewu pa ng'ombe zake mu 1991 pofuna kusunga msika wake wa ku Ulaya. Dziko la America linachotsa enrofloxacin pa nkhuku mu 2005 chifukwa cha Campylobacter wosamva mankhwala, ndipo China inaletsa kusakaniza colistin m'chakudya cha ziweto mu 2017, patangopita zaka ziwiri akatswiri ake atapeza jini ya mcr-1 mu nkhumba, mu nyama ya m'misika ndi mwa odwala.

Mayiko a Zimbabwe, Malawi ndi Zambia anakonza ndondomeko zawo zoyamba zolimbana ndi vutoli zoyambira mu 2017, zophatikiza maunduna a zaumoyo, ulimi ndi zachilengedwe. Mabungwe oyang'anira mankhwala alipo: MCAZ ku Zimbabwe, PMRA ku Malawi ndi ZAMRA ku Zambia. Chovuta ndi kufikira sitolo iliyonse ndi wogulitsa aliyense wa pamsika, makamaka m'madera a m'malire. Pakati pa Mutare ndi Manica pali chipata chovomerezeka cha Forbes ndi Machipanda, koma palinso tinjira tambirimbiri ta m'mapiri momwe anthu, katundu, nkhuku ndi mbuzi zimadutsa tsiku lililonse. Lamulo la mbali imodzi likakhwima, paketi ya ufa imangochokera mbali inayo.

Malabotale ambiri oyeza tizilombo timeneti m'mayiko atatuwa anakonzedwa ndi thandizo la thumba la Fleming Fund la boma la Britain, ndipo mu 2025 bomalo linalengeza kuti likuthetsa thumbalo. Izi zinadza pasanathe chaka chimodzi atsogoleri a mayiko atalonjeza ku msonkhano waukulu wa United Nations, mu Sepitembala 2024, kuti achepetsa ndi 10 peresenti imfa zokhudzana ndi kusamva mankhwala pofika 2030. Imfa zimenezi zinayerekezedwa kuti zinali 4.95 miliyoni mu 2019, ndipo mwa izo 1.27 miliyoni zinadza mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Chiyembekezo chilipo ndithu, ndipo a ku Malawi ali nacho chitsanzo. Dzikolo litasiya kolorokwini mu 1993 chifukwa malungo anali atasiya kumumva, patapita zaka zoposa khumi ofufuza a ku Blantyre anapeza kuti mankhwalawo ayambanso kugwira ntchito. Pa mabakiteriya sizibwerera choncho nthawi zonse, koma m'mayiko amene anachepetsa maantibayotiki a ziweto, kusamva kwa mitundu ina kunatsika.

Pakhomo ndi pachiwaya

Bakiteriya wosamva mankhwala amafa ndi moto chimodzimodzi ndi mnzake womva. WHO imalangiza kuti chakudya chifike pa madigiri 70 m'kati mwake, ndipo kaphikidwe ka kwathu kowiritsa nyama kwa nthawi yaitali musanaikazinge kamakwaniritsa zimenezi. Mpata umatsala pa kanyenya ndi nyama ya pachiwaya, yomwe imapsa kunja m'kati muli magazi, ndiponso pa zodyedwa zosaphika: kabichi, tomato ndi anyezi zodulidwa ndi mpeni womwe wangodula nkhuku yaiwisi, pa thabwa lomwelo, ndi manja omwewo. Kutsuka nkhuku yaiwisi sikuchotsa tizilombo, kumangotimwazira pa mbale ndi ziwiya zapafupi. Amene waitsuka atayire madziwo kutali ndi kutsuka beseni, mpeni ndi manja ndi sopo. Ndiwo zophika siziyenera kukhala poyera kupitirira maola awiri, ndipo zogona zitenthetsedwe mpaka kubwata.

Nyama zokonzedwa kufakitale zodyedwa osaphika zili ndi ngozi yakeyake. Mliri wa listeriosis wa ku South Africa wa 2017 ndi 2018, womwe unachokera mu poloni ya pafakitale ya Enterprise ku Polokwane, unadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, ndipo mayiko a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique anaimitsa kulowetsa katunduyo mu Marichi 2018. Kachilombo kameneko kankamva mankhwala, koma kanasonyeza kutalika kwa ulendo umene nyama ya pamalo amodzi imayenda m'chigawo chino.

Nyama ya chiweto chofa chokha siyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa, ndipo pa icho chifukwa chachikulu ndi matenda a anthrax, omwe anadwalitsa anthu oposa 10,000 ku Zimbabwe pa nthawi ya nkhondo ya ufulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Wotsekula m'mimba wamba afunika madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala, ndipo ana aonjezeredwe zinc. Makapisozi ogula pagolosale samuchiritsa msanga, amangowonjezera mabakiteriya osamva m'matumbo mwake. Oyenera kuthamangira nawo kuchipatala ndi khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba, munthu wokhala ndi HIV, ndi aliyense amene akutuluka magazi kapena thupi likutenthabe pamene kuyeza kwasonyeza kuti alibe malungo. Wotereyu angafunike kutumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha Victoria Chitepo mumzinda wa Mutare kwa anthu a ku Burma Valley, chifukwa kuyeza magazi kosonyeza mtundu wa bakiteriya ndi mankhwala omwe angamuphe kumafuna labotale, ndipo zotsatira zake zimatenga masiku awiri kapena atatu.